Chipsera, baluni ndi chubu cha njinga: kodi mayi wochitidwa opaleshoni angaberekenso mwachibadwa?

Tsiku lina tikuphunzira Hooke's Law mu Fomu 3, ndinapachika sipuling'i n'kumaiwonjezera zitsulo mpaka inakana kubwerera mwakale. Ndinati, "Mwaonatu? Chilichonse chili ndi malire ake. Mukapyola elastic limit, basi chapita." Belu litalira, mtsikana wina anatsalira. Anadikira kaye kuti anzake atuluke, kenako anafunsa chapansipansi: "Madamu, amayi anga anachitidwa opaleshoni pobadwa mng'ono wanga. Panopa ndi oyembekezeranso. Anthu akuti mimba yawo iphulika. N'zoona?"

Funso limeneli linandikhudza chifukwa nanenso ndinadutsamo. Mwana wanga woyamba anabadwa pa opaleshoni mu 2019, ija ena amati siza, ena amati kupita kumpeni. Anali atakhala chotsogoza matako m'malo mwa mutu. Wachiwiri anabadwa mu 2023 mwachibadwa, kuchipatala konkuno ku Mzuzu. Ine si dokotala, ndine mphunzitsi wa physics, choncho chiganizo cha mayi aliyense chimamangidwa ndi iye mwini pamodzi ndi achipatala amene amuyeza. Koma sayansi yake ndingathe kuifotokoza, ndipo mbali yaikulu mwaiphunzira kale m'kalasi.

Chiberekero si sipuling'i

Mayi asanatenge pathupi, chiberekero chimakhala ngati peyala laling'ono, cholemera osafika magalamu 100. Pofika mwezi wa 9 chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Sikuti chimangokokedwa ngati mphira ayi. Ndi mnofu wamoyo, maselo ake amakula, ndipo pakatha masabata pafupifupi 6 mwana atabadwa chimabwerera kufupi ndi msinkhu wake wakale. Sipuling'i yathu ya mu labu singachite zimenezo.

Komabe malamulo a physics sachileka. Katswiri wa ku France, Pierre-Simon Laplace, anafotokoza ubale wa pakati pa pressure ya m'kati mwa chinthu chobulungira ndi kukokeka kwa khoma lake. Mwachidule: kukokeka kwa khoma = P × r ÷ 2h. Apa P ndi pressure ya m'kati, r ndi radius, ndipo h ndi kuchindikala kwa khoma. Radius ikakula kawiri, kukokeka kumakulanso kawiri. Khoma likapyapyala ndi theka, kukokeka kumakulanso kawiri. Zonse ziwiri zikachitika pamodzi, khoma limasenza kanayi. N'chifukwa chake baluni imaphulika ikakula, osati poyamba pouzira pomwe masaya amawawa.

Chiberekero si mpira wobulungira bwinobwino, koma chithunzi chake n'chomwecho. Mimba ikakhwima r ndi wamkulu, chigawo cham'munsi chimakhala chitapyapyala, ndipo matenda akayamba minofu imafinya n'kukweza P. Apa m'pamene chipsera chimayesedwa.

Mpeni unadutsa pati?

Funsani wa Sacramento aliyense pasiteji: chubu cha njinga chomatidwa bwino chimayenda zaka, koma chikati chiphulike nthawi zambiri chimayambira pachigamba pompo. Thupi likamapoletsa bala limaluka ulusi wa collagen, womwe ndi wolimba koma sutamuka ngati mnofu weniweni. Funso n'lakuti chigambacho chili pati, ndipo chakhala nthawi yaitali bwanji.

Opaleshoni yotulutsa mwana si yachilendo mu Africa. Mu 1879 mzungu wina, Robert Felkin, anaona asing'anga a ku Bunyoro m'dziko la Uganda akuchita opaleshoniyi, akugwiritsa ntchito mowa wa nthochi, ndipo mayi ndi mwana anapulumuka. Koma kalelo, ngakhale ku Ulaya ndi ku America, madokotala ankacheka chiberekero chotsika, kumtunda kumene kuli minofu yamphamvu yofinya ija. Chipsera chotere chimakokedwa kwambiri ndipo chikhoza kung'ambika matenda asanayambe n'komwe. Mu 1916 dokotala wa ku New York, Edwin Cragin, anaphunzitsa kuti mayi akachitidwa opaleshoni kamodzi, ana onse otsatira azibadwanso pa opaleshoni. Pa nthawi yake anali ndi zifukwa zomveka.

Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1920, pomwe dokotala wa ku Scotland, John Munro Kerr, anatchukitsa kacheke kopingasa m'chigawo cham'munsi. Chigawo chimenechi sichifinya mwamphamvu, sichitaya magazi ambiri, ndipo chimapola bwino. Maopaleshoni ambiri masiku ano ndi otere. Koma dziwani ichi: chipsera cha pakhungu sichinena za chipsera cha m'kati. Pakhungu pakhoza kuchekedwa chotsika pomwe chiberekero chachekedwa chopingasa. Chimene chimanena zoona ndi zimene analemba dokotala. Buku lachipatala lija, limene kunyumba kwina limasanduka choyatsira mbaula, ndi chuma. Langa ndinalisunga m'jumbo pansi pa sutikesi, ndipo ndi lomwe linayankha funso loyamba la azamba.

Manambala ake

Bungwe la madokotala a amayi ku Britain, Royal College of Obstetricians and Gynaecologists, limapereka manambala awiri amene ndinawaloweza. Mwa amayi 4 amene anachitidwa opaleshoni imodzi yopingasa n'kuyesa kubereka mwachibadwa, pafupifupi 3 zimatheka. Ndipo pafupifupi mmodzi mwa 200 chiberekero chimang'ambika pachipsera. Amene anaberekapo kale mwachibadwa mwayi wawo umakwera kuposa apa.

Mmodzi mwa 200 ndi 0.5 peresenti. Ndi nambala yaing'ono, koma kwa amene zamugwera ndi nkhani ya moyo ndi imfa, yake ndi ya mwana, ndipo imafuna opaleshoni ya mphindi zomwezo. Manambalawa anachokera m'zipatala zimene fiyeta imakhala yokonzeka usana ndi usiku. Choncho phunziro lake si lakuti "palibe vuto", koma lakuti mayi wa chipsera aberekere kumene kuli fiyeta, wogonetsa odwala ndi magazi. Kuno kwathu zimenezi zikutanthauza zipatala ngati Mzuzu Central Hospital, yomwe inatsegulidwa mu 2000 ndipo imalandira odwala otumizidwa kuchokera m'maboma a chigawo cha kumpoto, kapena zipatala zaboma ndi zamishoni zochita maopaleshoni. Osati kunyumba, osatinso pachipatala chaching'ono chopanda fiyeta. Ndipo mukaona galimoto ya Malawi Blood Transfusion Service yafika pasukulu, dziwani kuti magazi ena amene ophunzira amapereka amakathera kwa amayi oterewa.

Mwina mukufunsa kuti, nanga bwanji osangochita opaleshoni ina n'kuthana nazo? Kwa amayi ena imeneyo ndiye njira yoyenera: amene anachekedwa chotsika, amene chiberekero chinang'ambikapo, amene nsengwa yatseka khomo la chiberekero, amene mwana wagona mopingasa, ndipo nthawi zambiri amene achitidwa kale maopaleshoni awiri kapena kuposa. Koma opaleshoni nayonso ili ndi mtengo wake. Bala limatenga nthawi kupola, likhoza kulowa matenda, ndipo chipsera chilichonse chowonjezera chimakweza chiopsezo choti pamimba yotsatira nsengwa imere molowerera m'khoma la chiberekero, zomwe zimatayitsa magazi koopsa. Njira zonse ziwiri zili ndi chiopsezo. Ntchito ndi kuziika pasikelo.

Nthawi nayo ndi mankhwala. Mwana wotsatira akabadwa pasanathe miyezi pafupifupi 18 chichitikireni opaleshoni, chiopsezo cha kung'ambika chimakwera. Bungwe la World Health Organization limalangiza mayi aliyense kudikira miyezi yosachepera 24 atabereka asanatengenso pathupi. Ine ndinadikira zaka zitatu.

Apongozi anga ndi kabotolo

Mimba itafika miyezi 7, apongozi anga anabwera kuchokera kumudzi. Tsiku lina madzulo, tikuwotha mbaula, anatulutsa kabotolo m'chitenje. "Mwana wanga, ulendo uno tisachitenso manyazi ndi mpeni. Matenda akangoyamba, umwe aka. Njira itseguka msanga." Unali mwanamphepo, mankhwala azitsamba amene amayi ambiri m'Malawi muno amawadziwa.

Sindinakwiye. Amayiwo anabereka ana asanu ndi awiri ndipo ankandifunira zabwino. Koma bwererani ku fomula ija. Mankhwala ofulumizitsa matenda amachititsa chiberekero kufinya mwamphamvu ndiponso pafupipafupi, ndiye kuti P akukwera pomwe h wapyapyala kale. M'kabotolo mulibe muyeso, ndipo ukamwa sungabweze. Kufinya kosapumira kumachepetsanso magazi opita kwa mwana. Ngakhale mankhwala a kuchipatala oyambitsa matenda, madokotala amasamala nawo kwambiri pa mayi wa chipsera, ndipo ena monga misoprostol amawapewa mimba ikakhala yokhwima.

Kukangana ndi apongozi si nzeru, ndiye ndinangoti, "Amayi, Lachitatu mundiperekeze kusikelo. Mukamve nokha zimene azamba anene, chifukwa gadiyani wanga mukhala inuyo." Anadabwa, poti ankaganiza kuti ndisankha achemwali anga. Kusikelo, azamba anatenga buku langa, anawerenga, kenako anawafotokozera apongoziwo ngati akulu anzawo, osawanyoza. Pobwerera m'minibasi anakhala chete mpaka pa Katoto, kenako anati, "Kabotolo kaja ndikataya. Koma iwenso usamaphike nsima chowerama chonchija." Tinagwirizana.

Ntchito ya woperekeza

Anthu amaona ngati gadiyani ndi wophika phala ndi kuchapa zitenje basi. Sayansi ikunena zoposa apo. Mu 2017 akatswiri a Cochrane anaphatikiza kafukufuku 26 wokhudza amayi oposa 15,000, ndipo anapeza kuti mayi amene ali ndi munthu womukhalira pafupi nthawi yonse ya matenda amakhala ndi mwayi wokulirapo wobereka mwachibadwa, matenda amafupikirapo, ndipo maopaleshoni amachepa. Mu 2018 World Health Organization inalemba m'malangizo ake kuti mayi aliyense aziloledwa kukhala ndi woperekeza amene wamusankha yekha. Chimodzi mwa zifukwa zake chili m'mahomoni: oxytocin ndi amene amayendetsa kufinya kwa chiberekero, ndipo mantha aakulu amatulutsa adrenaline, amene angasokoneze ntchitoyo.

Woperekeza si mzamba. Boma linaletsa azamba akumudzi kubereketsa mu 2007 pofuna kuti amayi azichirira kuchipatala, ndipo kwa mayi wa chipsera nkhaniyi ilibenso zokambirana. Ntchito ya woperekeza ndi kusisita msana, kupereka madzi, kuyenda naye mayiyo, kumulimbitsa mtima, ndiponso kukhala maso. Azamba mmodzi amatha kuyang'anira amayi angapo nthawi imodzi, ndiye maso owonjezera ndi ofunika. Apongozi anga analoweza zizindikiro izi: ululu wa pachipsera wosaleka ngakhale pakati pa kufinya, kutaya magazi, chizungulire kapena kukomoka, ndi kufinya kungosiya mwadzidzidzi. Chimodzi chokha chikaoneka, kuitana azamba nthawi yomweyo, osaopa kukalipiridwa.

Pulani yathu tinailemba papepala n'kuimata kuseri kwa chitseko: chipatala chake, nambala za oyendetsa taxi awiri, ndalama zapadera zosakhudza, chikwama cholongedza kale, ndi lamulo loti tinyamuke matenda akangoyamba. Amayi akutali, monga ochokera m'midzi ya ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay, amalangizidwa kukadikirira pafupi ndi chipatala masiku asanakwane. Mzere womaliza ndinalemba ndekha: "Achipatala akati fiyeta, tipita ku fiyeta."

Physics ya m'chipinda choberekera

Matenda anayamba usiku wa mu June, kuzizira kwa Mzuzu kuli pachimake. Titafika, azamba ankabwera pafupipafupi ndi kamakina komvera mtima wa mwana. Kamagwira ntchito ndi Doppler effect, imene Christian Doppler anaifotokoza mu 1842: kamatumiza mafunde a ultrasound, ndipo akagunda mtima umene ukuyenda amabwerera frequency itasintha. Mtima wa mwana wosabadwa umayenera kugunda pakati pa 110 ndi 160 pamphindi. Kusintha kwa kagundidwe kameneka nthawi zambiri ndiye chizindikiro choyamba choti chipsera chayamba kugonja, mayi asanamve n'komwe.

Chinanso chinali gilafu. Azamba amalemba kutseguka kwa khomo la chiberekero, mpaka masentimita 10, molingana ndi maola. Pepalali limatchedwa partograph, ndipo mizere yake yochenjeza inakonzedwa mu 1972 ndi Philpott ndi Castle ku Harare, nthawi imeneyo kukutchedwa Salisbury. Gradient ikagona, ndiye kuti matenda sakuyenda pomwe chipsera chikupitiriza kukokedwa. Amene mumadana ndi magilafu, taonani pomwe amagwira ntchito.

Gilafu yanga inakwera bwino. Chakumasana ndinafooka n'kuyamba kulira kuti angondipititsa ku fiyeta. Apongozi anandigwira dzanja nati, "Limba mwana wanga, azamba akuti mtima wa mwana uli bwino, ndamva ndekha." Patapita ola limodzi mwana wamkazi anabadwa. Mayi wina amene anali pabedi loyandikana, wa chipsera ngati ine, gilafu yake inaima ndipo anapita ku fiyeta. M'mawa mwake tonse awiri tinali tikuyamwitsa. Iye sanalephere kanthu, ndipo ine sindinapambane mpikisano uliwonse. Opaleshoni si ulesi kapena manyazi.

Kwa iwe amene unandifunsa: mimba ya amayi ako si baluni yongoyembekezera kuphulika. Uwathandize kupeza buku lawo lachipatala, uwakumbutse masiku a sikelo, ndipo afunse achipatala mafunso atatu: anandicheka motani, ndikaberekere kuti, ndipo woperekeza wanga aloledwa kufika pati?

Ena nonse, nayi ntchito. Baluni ili ndi radius ya masentimita 5. Mwaiuzira mpaka masentimita 10, khoma lake lapyapyala kufika pa gawo limodzi mwa magawo 4 a poyamba, ndipo tiyerekeze kuti pressure sinasinthe. Kukokeka kwa khoma kwakula kangati? Mubwere nayo Lolemba, ndipo muonetse njira, osati ansala yokha.