Kodi mumadziwa? Linux imene sidalira zophikaphika

Kodi mumadziwa kuti pali mtundu wa Linux umene sudalira mapulogalamu opangiratu? Ndi Gentoo. Mukafuna pulogalamu, kompyuta yanu imakatenga malemba ake n'kuimanga yokha pomwepo. Kuli ngati kupita ndi nsalu kwa telala: za matumba, mabatani ndi kutalika kwa manja mumanena nokha.

Anaiyambitsa ndi Daniel Robbins, poyamba ikutchedwa Enoch, ndipo Gentoo 1.0 inatuluka mu Malichi 2002. Dzinali ndi la mtundu wa penguin wothamanga m'madzi kuposa anzake onse.

Kodi mumadziwa kuti zofuna zanu mumazinena ndi timawu totchedwa USE flags? Mukalemba bluetooth, pulogalamu yoyang'anira zomanga, Portage, imalowetsa chigawo chimenecho. Mukatsogoza kamzere, kukhala -bluetooth, ndiye kuti mwakana, ndipo zina zonse zimene zikanabwera chifukwa cha chigawocho zimatsala. Mukalemba mawuwa mu /etc/portage/make.conf, amagwira pa pulogalamu iliyonse yowazindikira m'kompyuta monsemo.

Apa ndi pamene alendo ambiri amapunthwa. Amangounjika chilichonse mu make.conf, mzere kutalika mpaka mwini wake osakumbukanso chimene anaikira liwu lililonse. Chonsecho malo a zofuna za pulogalamu imodzi alipo: /etc/portage/package.use. M'menemo mukalemba media-video/vlc dvd, ndi VLC yokha imene yamva. Kwa ine, make.conf yabwino ndi yaifupi. Zambirimbiri zipite ku package.use.

Nanga malamulo akasemphana? Pali ukulu wake. Pansi penipeni pali profile, zosankha zimene a Gentoo anakukonzerani kale. Izi zimagonja kwa make.conf, nayonso make.conf imagonja kwa package.use. USE yolembedwa pamzere umodzi ndi emerge, lamulo loyendetsera Portage, imaposa onsewa, koma Portage saisunga. Tsiku lokonzanso mapulogalamu mudzangodabwa chigawo chija chasowa.

Palinso olimba mtima amene amalemba USE="-*", kufufuta zonse kuti ayambe popanda kanthu. A Gentoo eni ake amachenjeza za zimenezi, chifukwa zimachotsa ndi zofunika zomwe.

Kodi mumadziwa kuti kusintha liwu mu fayilo sikukhudza pulogalamu imene ili kale m'kompyuta? Mpaka mulamule emerge --changed-use --deep @world kuti zonse zokhudzidwa zimangidwenso. Ngati pakati pake pali Chromium, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, kagoneni, ndi ntchito ya maola ambiri. Ena amafulumizitsa ndi MAKEOPTS, pomwe -j4 ikutanthauza ntchito 4 nthawi imodzi, koma langizo ndi lakuti ntchito iliyonse ikhale ndi RAM yokwana 2 GB. Mukachita dyera, kompyuta imabanika, kumanga n'kulekera panjira.

Ndipo ngati munagwirapo Chromebook, Portage munaikhudza osadziwa: ChromeOS ya Google inamangidwa ndi chida chomwechi.

Kuyambira Disembala 2023 a Gentoo amaperekanso mapulogalamu ambiri omangiratu, kuti a makompyuta ofooka apumeko. Koma Portage imatenga womangiratuyo pokhapokha USE flags zake zikafanana ndi zanu. Mukasiyana nawo liwu limodzi lokha, kompyuta yanu iyamba kumanga yokha monga kale.