Chipatala cha pa foni: zimene chingachite ndi zimene sichingachite pa umoyo wa amayi

Mayi woyembekezera akayamba kumva kupweteka m'mimba pakati pa usiku, banja limakhala ndi funso limodzi: tidikire kuche kapena tinyamuke pompano? Kwa amene amakhala kutali ndi chipatala, yankho lake limakhudza ndalama ya kabaza, ulendo wa mumdima, ndipo nthawi zina moyo wa mayi ndi mwana yemwe. N'chifukwa chake amayi ambiri masiku ano akufuna kulankhula ndi wachipatala pa foni asanaganize chochita.

Ife a m'boma la Balaka nkhaniyi si yachilendo kwa ife. Ntchito ya Chipatala Cha Pa Foni inayambira kuno m'chaka cha 2011, pamene bungwe la VillageReach, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, linatsegula nambala yaulere yothandiza amayi oyembekezera ndi olera ana aang'ono. Pambuyo pake ntchitoyi inafalikira m'dziko lonse, inayamba kuyankha mafunso a matenda osiyanasiyana, ndipo inaperekedwa m'manja mwa boma. Nambala imene ambiri anaizolowera ndi 54747 pa Airtel, ndipo pa nthawi ya Covid-19 unduna unalengezanso nambala ya 929.

Chifukwa chiyani ofuna thandizoli akuchuluka?

Choyamba ndi mtunda. Mayi amene akufuna kungofunsa ngati nseru ya m'miyezi yoyambirira ya pathupi ndi yoopsa safunika kutaya tsiku lonse la kumunda kapena la geni. Chachiwiri ndi manyazi. Nkhani za msambo, za njira zolera ndi za matenda opatsirana pogonana n'zovuta kuzikamba pamzere pamene pali apongozi kapena anansi, koma pa foni mtsikana amafunsa momasuka. Chachitatu ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi. Namondwe wa Freddy, m'mwezi wa Malichi 2023, anadula misewu ndi milatho m'chigawo cha kummwera, ndipo anthu ambiri anaona kufunika kwa uphungu umene sudalira msewu.

Zimene foni ingachite

Woyankha foni amamvetsera zizindikiro, amafunsa mafunso, kenako amalangiza ngati vutolo lingasamalidwe pakhomo kapena likufunika chipatala msanga. Amafotokozanso za kadyedwe ka mayi woyembekezera, kayamwitsidwe ka khanda, ndi zovuta zimene ena amakumana nazo akayamba jakisoni kapena mapiritsi olera, monga kusintha kwa msambo. Mayi akamvetsa kuti kusinthaku n'kodziwika, sasiya njira yolera chifukwa cha mphekesera za kuchitsime.

Zimene foni singachite

Apa ndiye pofunika kumvetsetsana. Foni siyeza kuthamanga kwa magazi, siona mmene mwana wagonera m'mimba, ndipo siyeza HIV, chindoko kapena kuchepa kwa magazi. Mankhwala oteteza malungo, mapiritsi owonjezera magazi ndi katemera wa kafumbata zimaperekedwa kusikelo. Malangizo a zaumoyo ndi akuti mayi ayambe sikelo m'miyezi itatu yoyambirira ndipo aonane ndi achipatala kasanu ndi katatu asanachire. Kuimba foni sikuchotsera ngakhale ulendo umodzi pa maulendo amenewa.

N'chimodzimodzinso ndi khansa ya khomo la chiberekero. Dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko amene nthendayi yafala kwambiri padziko lonse, ndipo ikamayamba sipweteka. Pa foni mungauzidwe kufunika koyezetsa, koma kuyeza kwenikweniko kumachitika ndi namwino kuchipatala. Katemera wa HPV, amene boma linayamba kupereka kwa atsikana a zaka 9 m'chaka cha 2019, amafunanso kuti mwana afike pamene pali wobaya.

Pali zizindikiro zina zimene sizifuna kukambirana. Mayi woyembekezera akayamba kutaya magazi, kukomoka, kumva mutu waukulu pamodzi ndi kusaona bwino, kutupa nkhope ndi manja, kutentha thupi kwambiri, kusweka nsupa nthawi isanakwane, kapena akaona kuti mwana wasiya kusuntha, nyamukani nthawi yomweyo. Ngati mukufuna kuimba, imbani muli kale m'njira.

Zopinga zimene tingachotse tokha

M'mabanja ambiri foni ndi imodzi ndipo imayenda ndi bambo. Bambo akapita kumsika kapena kuganyu, mayi amatsala wopanda njira yofunsira. Abambo, mayi akayandikira masiku ake, siyani foni pakhomo ili ndi moto, ndipo mupatseni mpata wolankhula payekha. Kumene netiweki imavuta, dziwiranitu malo amene imagwira bwino, usiku wa mavuto usanafike.

Chenjeraninso ndi anthu odzitcha madokotala pa WhatsApp ndi Facebook, amene amagulitsa mankhwala "otsuka m'mimba" kapena "obereketsa" ndi kuitanitsa ndalama pa foni. Nambala za unduna siziitanitsa ndalama. Mukakayika, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu.

Khonsolo ikupempha mafumu, makhansala ndi makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC kuti nkhaniyi izikambidwa pamisonkhano yawo. Mudzi uliwonse udziwe nambala zoimba, udziwe amene angabwereke foni usiku, ndiponso ugwirizane za mayendedwe a mayi amene wadwala mwadzidzidzi. Amayi okhala kutali alimbikitsidwe kukadikirira kuchipatala masiku akayandikira, pakuti uphungu wa pa foni umathandiza pokhapokha ngati wodwala wafika m'manja mwa namwino nthawi ikadalipo.