Gitala ndi Piyano pa Gombe la Senga Bay: Mapangidwe, Mbiri ndi Ntchito Zake

Senga Bay, dera la m'mphepete mwa nyanja lomwe lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kum'mawa kwa boma la Salima, limadziwika ndi usodzi wa usipa komanso alendo odzapuma, koma kwa zaka zambiri tsopano lakhalanso bwalo la zoimbaimba. Chikondwerero cha Lake of Stars chinachitikira kumeneko mu 2008, ndipo cha Sand Music Festival, chomwe anayambitsa malemu Lucius Banda, chasonkhanitsapo kangapo oimba a m'dziko muno ndi akunja pa mchenga wa hotela ya Sunbird Livingstonia Beach. Pa zikondwerero zoterezi, monganso m'matchalitchi ndi pa maukwati a m'derali, zida ziwiri ndizo zimanyamula nyimbo pambali pa ng'oma: gitala ndi kiyibodi, yomwe ndi chida chamagetsi chotengera piyano, chimene anthu a mumpingo amachitcha limba. Kholo lofuna kugulira mwana chida, kwaya imene ikusonkha ndalama, ndi wachinyamata amene akulakalaka kuyambitsa bandi, onse amafika pa funso la chida choyenera, ndipo yankho lake silichokera ku kukoma kwa mawu kokha, chifukwa mapangidwe a chidacho, kulemera kwake, nyengo ya kunyanja ndi kupezeka kwa magetsi zonse zili ndi gawo pa chisankhocho.

Mmene mawu amatulukira

Ngakhale maonekedwe ake ndi osiyana kwambiri, gitala ndi piyano yeniyeni zonse ndi zida za nsambo, kutanthauza kuti mawu amatuluka pamene nsambo yokungika yanjenjemera, ndipo thabwa lopyapyala lomwe nsamboyo yatsamirapo limalandira kunjenjemerako n'kukukuza kuti kumveke patali. Nsambo yaifupi, yopyapyala kapena yokungika kwambiri imalira mawu okwera, pomwe yaitali ndi yonenepa imalira mawu otsika, amene oimba amawatcha besi. Zida ziwirizi zimasiyana pa njira yogwedezera nsamboyo, ndipo kusiyana kwina konse kumachokera pamenepo.

Piyano anaipanga koyamba ndi Bartolomeo Cristofori ku Florence, m'dziko la Italy, cha m'ma 1700, ndipo ya masiku ano imakhala ndi makiyi 88, mwa iwo 52 oyera ndi 36 akuda. Woimba sakhudza nsambo ndi zala zake: akadina kiyi, kanyundo kokutidwa ndi ubweya wothinana kamamenya nsambo n'kubwerera msanga, ndipo akachotsa chala, kachipangizo kena kofewa kamagwira nsamboyo kuti ileke kulira. Popeza makiyi ambiri ali ndi nsambo zitatuzitatu, piyano imodzi imakhala ndi nsambo zoposa 200, ndipo mphamvu imene nsambo zonsezi zimakokera pamodzi imafika matani pafupifupi 18 mpaka 20, zomwe zimafuna chimango chachitsulo cholimba kuti matabwa asathyoke. N'chifukwa chake piyano yoimirira, yomwe imatsamira khoma, imalemera makilogalamu 200 kapena kuposerapo, pomwe yaikulu ya m'maholo imayandikira theka la tani.

Gitala yodziwika kwambiri ili ndi nsambo 6 zokha ndipo imalemera makilogalamu pafupifupi awiri. Kaumbidwe kake ka lero anakakhazikitsa ndi mmisiri wa ku Spain, Antonio de Torres, cha m'ma 1850, pomwe gitala yamagetsi inayamba kupangidwa ku America m'zaka za m'ma 1930. Pa khosi la gitala pali tizitsulo topingasa totchedwa mafureti, ndipo woimba akapanikiza nsambo pakati pa tizitsuloti ndi dzanja limodzi amakhala atafupikitsa gawo lonjenjemera, motero mawu amakwera, uku dzanja linalo likukhwekhweza kapena kutola nsambo imodziimodzi.

Zimene chida chilichonse chimatha

Pa piyano liwu lililonse lili ndi kiyi wake, ndipo makiyiwo anandandalikidwa kuchokera ku mawu otsikitsitsa kumanzere kufika ku okwera kwambiri kumanja, kotero kuti munthu mmodzi wogwiritsa ntchito zala zonse khumi angathe kuimba besi, nyimbo yeniyeniyo ndi makodi nthawi imodzi. Makodi ndi magulu a mawu atatu kapena kuposerapo olira pamodzi mogwirizana. Mtunda wochokera pa do wina kufika pa do wotsatira umatchedwa okitevu, ndipo piyano ili ndi maokitevu oposa 7 pomwe gitala imalekezera pa anayi kapena kucheperapo. Mphunzitsi wa kwaya amapindula kwambiri ndi zimenezi, chifukwa angathe kumveketsa mawu a magulu onse anayi a oimba, kuyambira amayi a mawu okwera mpaka abambo a besi, popanda kusintha chida.

Gitala singalize mawu oposa 6 nthawi imodzi, koma woimba wake amagwira nsambo mwachindunji, ndipo angathe kuikankhira m'mbali kuti liwu likwere pang'ono, kuseretsa chala kuti mawu alowane, kapena kuitsekereza ndi chikhatho kuti ilire ngati ng'oma. Angathenso kuchuna nsambo zake, ndiko kuzikunga kapena kuzimasula kufikira zitalira mmene iye akufunira, m'njira yosiyana ndi ya m'mabuku. Oimba akale a m'dziko muno anagwiritsa ntchito ufulu umenewu, monga pa kaimbidwe ka hauyani, komwe gitala imagonekedwa pamiyendo ndipo woimba amaseretsa botolo kapena mpeni pa nsambo, kaimbidwe kamene Ndiche Mwarare anatchuka nako. Piyano ilibe ufulu wotere, pakuti okitevu yake inagawidwa m'masitepe 12 ofanana omwe woimba sangawasunthe, pomwe zida zina zamakolo, monga valimba ya kuchigwa cha Shire, zimagawa mtunda womwewo m'masitepe 7 otalikirana pafupifupi mofanana. Nyimbo yochokera ku zida zotere ikaikidwa pa makiyi, mawu ena amakakamizika kusuntha, ndipo khutu lozolowera limamva kuti china chake chasintha.

Njira ziwiri zolowera m'dziko

Zida za makiyi zinafika kudzera ku mpingo ndi kusukulu. Mamishoni oyambirira, monga wa Livingstonia womwe unayambira ku Cape Maclear mu 1875 ndi wa Mvera, m'mapiri a kumadzulo kwa Salima, womwe unatsegulidwa mu 1889, anafalitsa nyimbo za m'buku ndi kaimbidwe ka kwaya, ndipo m'matchalitchi ena munabwera malimba opopa ndi mapazi, omwe alibe nsambo koma amalira ndi mpweya wodutsa pa timalilime tachitsulo. Chida chotere chinali katundu wa mpingo kapena wa sukulu, chimakhala m'nyumba yokhoma, ndipo ochiphunzira anali owerengeka.

Gitala ndi banjo zinalowa pa mapewa a anthu wamba, makamaka asilikali a King's African Rifles obwera ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, yomwe inatha mu 1945, ndi amuna obwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi m'matauni a Southern Rhodesia. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, omwe anakhalako ku Salisbury ali ana, anatenga nyimbo za kwela n'kuzipatsa kakomedwe ka kwawo, ndipo katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, yemwe anakumana nawo mu 1967, anathandiza kuti luso lawo lidziwike kunja. Allan Namoko wa ku Thyolo, yemwe anali wosaona, ndi Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, anatchuka ndi zida za nsambo zomwe anazizolowera pomvetsera ndi poyeserera.

Chinthu china chimene chinafalitsa gitala n'chakuti imatheka kupangidwa pakhomo. Chigubu cha mafuta, thabwa, chikopa, waya wa mabuleki a njinga kapena twaini wa asodzi, yemwe kugombe sasowa, n'zokwanira kupanga banjo yolira bwino, ndipo mwa luso lomweli munachokera babatoni, besi yaikulu ya nsambo imodzi imene Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi Madalitso Band aidziwitsa kumayiko akutali. Piyano, yomwe ili ndi tizipangizo masauzande angapo tofunika kugwirizana ndendende, singapangidwe mwa njira imeneyi.

Kuphunzira

Masiku oyambirira amakomera wophunzira piyano, pakuti ngakhale mwana wamng'ono akadina kiyi amatulutsa liwu loyera, ndipo dongosolo la mawu limaoneka ndi maso, zomwe zimachititsa kuti masukulu a nyimbo, monga Music Crossroads ku Lilongwe ndi Yunivesite ya Malawi ku Zomba, azigwiritsa ntchito makiyi pofotokoza malamulo a nyimbo. Vuto limadza pamene manja awiri ayenera kuchita zinthu zosiyana nthawi imodzi, luso lomwe limatenga nthawi yaitali kuti likhazikike. Wophunzira gitala amayamba ndi ululu, chifukwa nsambo zachitsulo zimapweteka nsonga za zala kufikira khungu litakhakhala, ndipo liwu silimveka bwino ngati chala sichinapanikize pamalo pake. Koma akangodziwa makodi atatu kapena anayi amayamba kuperekeza nyimbo zambiri zodziwika, pakuti nyimbo zochuluka za m'matchalitchi ndi zovina zimazungulira pa makodi ochepa omwewo.

Nyengo, magetsi ndi kukonza

Nyengo ya ku Senga Bay imayesa zida zonse ziwiri. Kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala kumaumitsa matabwa, chinyontho cha nthawi ya dzinja chimawatupitsa ndi kuchititsa nsambo dzimbiri, ndipo mwera, mphepo yochokera kummwera yomwe imaomba m'miyezi yozizira, umalowetsa mchenga ndi fumbi paliponse. Thabwa lokuza mawu la piyano likatupa kapena kunyala, nsambo zake zonse zimasokonekera, ndipo kuzichunanso ndi ntchito ya mmisiri wophunzira yemwe amafunika kamodzi kapena kawiri pachaka, pomwe amisiri oterewa ndi osowa m'dziko muno. Chiswe ndi makoswe nazonso zimawononga matabwa ndi ubweya wa tinyundo. Gitala nayo imapindika khosi kapena kumatuka ikasiyidwa padzuwa, komabe mwini wake amaichuna yekha m'kanthawi kochepa, amasintha nsambo yoduka ndi manja ake, ndipo amaisunga m'thumba. M'mawu ena, gitala ili ngati bwato lomwe munthu amalikokera kumtunda paliponse pamene wafika, pomwe piyano ili ngati sitima yofuna doko ndi amisiri ake.

Zifukwa zimenezi ndizo zapangitsa kuti piyano ifike kwa anthu ambiri itasanduka kiyibodi, yomwe ilibe nsambo kapena tinyundo koma imatulutsa mawu kudzera m'zipangizo zamagetsi. Makiyibodi ofala, monga a Yamaha ndi Casio, amakhala ndi makiyi 61, safuna kuchunidwa, amanyamulika pa kabaza, ndipo amatsanzira ng'oma, besi ndi malipenga, kotero kuti mpingo wosakwanitsa kugula zida za bandi yonse umadalira munthu mmodzi. Kaimbidwe ka ku Balaka, komwe kanakula kuchokera ku Alleluya Band ya Paul Banda n'kufalikira m'dziko lonse m'zaka za m'ma 1990, kanaonetsa mmene kiyibodi ndi gitala zingagwirire ntchito limodzi. Komabe kiyibodi ili ndi zofooka ziwiri. Choyamba, imadalira magetsi, jenereta, batire kapena sola, ndipo mphamvu ikabwera mosalongosoka ikhoza kuipsereza mkati, komwe mwini wake sangakonze. Chachiwiri, batani lotchedwa thiransipozi, lomwe limakweza kapena kutsitsa mawu onse popanda woimba kusintha kagwiridwe ka makiyi, limapangitsa oimba ena kukhala zaka zambiri akudziwa kagwiridwe kamodzi kokha, ndipo akakumana ndi piyano yeniyeni, yomwe ilibe batani lotere, amasowa pogwira.

Chida choyenera ndi chiti?

Kuyerekeza kumeneku kukuonetsa kuti kusankha kuyenera kutsata ntchito imene chidacho chikagwire. Kwaya, sukulu, ndi munthu wofuna kupeka kapena kujambula nyimbo mu situdiyo amapindula kwambiri ndi makiyi, malinga ngati pali mphamvu yamagetsi yodalirika ndi malo otetezeka ku fumbi ndi chinyontho, ndipo pogula ndi bwino kusankha kiyibodi imene mawu ake amakula kapena kuchepa potengera mphamvu ya chala, popeza imeneyo ndiyo imayandikira piyano. Woimba woyenda, wokhala kumene magetsi sanafike, kapena wofuna kutsata kaimbidwe ka makolo komwe sikakwanira m'masitepe 12, adzathandizika kwambiri ndi gitala yosalira magetsi. Makolo ndi atsogoleri a mipingo a ku Senga Bay ndi madera ena a kugombe ayenera kuwerengera mtengo wosamalira chida pamodzi ndi mtengo wogulira, ndipo kumene kungatheke, alimbikitse ana kudziwa zida zonse ziwiri, chifukwa mu bandi woimba gitala ndi woimba kiyibodi amagwirizana msanga pamene aliyense akumvetsa ntchito ya mnzake.