Osankha nkhunzi: ntchito ya diso, tepi ndi kaundula

Mwezi wa Januwale ukafika, mzinda wa Denver ku America umadzaza ndi ng'ombe. Kumakhala chionetsero cha ziweto cha National Western Stock Show, chomwe chinayamba mu 1906. Ku Scotland nako kuli msika wotchuka wa nkhunzi umene unkachitikira ku Perth, koma pano unasamukira ku Stirling. M'malo ngati amenewa mumakumana anthu omwe chuma chawo sichili pogulitsa nyama ku butchala, koma pogulitsa mbewu: nkhunzi, misoti ndi umuna wa ng'ombe zamtundu monga Aberdeen Angus, Hereford ndi Charolais.

Chimene chimakweza mtengo wa nkhunzi n'chodziwika kwa woweta aliyense. Ng'ombe yaikazi imakhala ndi bere miyezi 9 ndi masiku angapo, ndipo imaswa mwana mmodzi pachaka. Nkhunzi yokhwima imakwera zazikazi 25 kapena 30 pa nyengo imodzi, ndipo umuna wake akausunga m'chisanu cha nayitirojeni, imabereka ana zikwizikwi m'mayiko omwe sinapondeko. Ikakhala ndi chilema m'magazi, chilemacho chimafalikira chimodzimodzi.

Ntchitoyi ili ndi anthu angapo. Mwini khola ndiye amasankha kuti ng'ombe iyi ikweredwe ndi nkhunzi iti, ndipo zipatso za chisankho chake amaziona patapita zaka ziwiri kapena zitatu. Pansi pake pali wosamala ng'ombe, amene amagona tulo tapang'ono nyengo yoswa, kuyeza kulemera kwa thole likangobadwa ndi kulemba zonse m'kaundula. Dokotala wa ziweto amayeza nkhunzi isanagulitsidwe: miyendo, maso, machende ndi umuna. Ku America, nkhunzi ya chaka chimodzi imayenera kukhala ndi machende ozungulira masentimita osachepera 30, ndipo pa mbewu 100 za mu umuna wake, 70 zikhale zoumbika bwino. Pali woitanira malonda pa okushoni, palinso ana asukulu a m'magulu a zaulimi a 4-H ndi FFA amene amalera thole chaka chathunthu kuti akalionetse.

Wina amene alendo amadabwa naye ndi wokongoletsa ng'ombe. Munthuyu amaisambitsa, kuiumitsa ndi makina opemerera mphepo, kuimeta ndi kuimitsa ubweya wa m'miyendo ndi zomatira kuti mafupa aoneke okula, msana wowongoka ndi ntchafu zodzaza. Ena amasunga ng'ombe m'chipinda chozizira masana onse kuti imere ubweya wambiri. Katswiri wa lumo amabisa zofooka zambiri, n'chifukwa chake woweruza wodziwa ntchito sakhutira ndi maso okha. Amagwira nthiti ndi msana, n'kuuza mwini wake kuti aiyendetse kuti aone mapondedwe ake.

Mkangano waukulu pakati pa anthuwa ndi wa msinkhu. Amayeza kutalika kwa ng'ombe kuchokera pansi kufika pamwamba pa chiuno, n'kuyerekeza ndi miyezi yake, kenako n'kuipatsa nambala kuyambira 1 mpaka 9. Nambala iliyonse imasiyana ndi inzake ndi masentimita pafupifupi 5. Nkhunzi ya miyezi 12 yotalika masentimita 124 imakhala pa nambala 5, yomwe ndi yapakati. Kuyezaku kumauza woweta kukula kumene ng'ombeyo idzafike, chakudya chomwe idzafune ndi nthawi imene ana ake adzanenepe n'kukwana kuphedwa.

Mbiri ikusonyeza kuti oweruza akakonda msinkhu wina, makola onse amatsata mpaka kupyola muyeso. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, mphotho zinkapita kwa ng'ombe zazifupi, zojintcha, zolekeza m'chiuno mwa munthu. Ojambula zithunzi ankaziimika mu udzu wouma wokwirira miyendo kuti zioneke zazifupi koposa. Posankha nkhunzi zoterezi, oweta anafalitsa mosadziwa chilema chobadwa nacho. Makola a Hereford ndi Angus anayamba kuswa matole opinimbira, otupa mimba, opuma movutika, ndipo panapita zaka kuti achotse mzere wa ng'ombe zonyamula chilemacho. Nthawi yomweyo mitengo inali itapenga. Mu 1963 nkhunzi ya Angus yotchedwa Lindertis Evulse inagulitsidwa ku Perth pa mapaundi 63,000 n'kupita ku America, koma kumeneko inapezeka kuti ndi yosabereka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 mphepo inatembenuka. Ogula nyama anatopa ndi mafuta, ndipo mitundu ikuluikulu ya ku Ulaya monga Charolais, Simmental ndi Limousin inayamba kulowa ku America kudzera ku Canada. Oweta Angus ndi Hereford, poopa kutsala, anayamba kusaka nkhunzi zazitali. Pofika m'ma 1980, ng'ombe zopambana zinkafika pa nambala 9, zina kupyola apo, moti wozigwira chingwe ankabisika kuseri kwake. Mavuto sanachedwe. Matole ankabadwa aakulu, misoti n'kumalephera kuswa yokha. Zazikazi zinkadya kwambiri, ndipo msipu ukachepa sizinkatenga bere pa nthawi yake. Nyama yake inkakula kupyola zomwe mafakitale ndi malo odyera ankafuna. Kuyambira m'ma 1990 oweta ambiri anabwerera ku msinkhu wapakati, wa nambala 5 ndi 6.

Masiku ano diso la woweruza lili ndi mnzake, ndiye manambala. Bungwe la Beef Improvement Federation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1968, linagwirizanitsa kayezedwe ka ng'ombe, ndipo mabungwe a mtundu uliwonse amatulutsa manambala otchedwa EPD. Amenewa amalosera mmene ana a nkhunzi adzasiyanire ndi a nkhunzi ina: kulemera pobadwa, kulemera poleka kuyamwa, mkaka wa ana ake aakazi ndi ubwino wa nyama. Kuyeza DNA kumaulula zilema zobisika, monga chija chinadziwika mu 2008 m'makola a Angus, chomwe matole ankabadwa akufa, msana ndi miyendo zitapindika. Komabe manambala sanena zonse, choncho woweta amapitabe kukaona mayi ake a nkhunziyo: mabere ake, zaka zake ndi kuchuluka kwa ana amene waswa.

Kuno ku Africa, katswiri wa ku South Africa Jan Bonsma anaphunzitsa mfundo yakuti ng'ombe iyezedwe ndi dziko limene ikukhala. Posakaniza Afrikaner, Hereford ndi Shorthorn anapanga mtundu wa Bonsmara, wopirira kutentha ndi nkhupakupa. Ng'ombe zathu zalinunda za ku Malawi ndi zazing'ono, ndipo kuchepako n'kumene kumazipulumutsa m'chilimwe udzu ukauma. Amene akufuna kuzikweretsa ndi nkhunzi yaikulu ngati Brahman ayambe wafunsa alangizi a ziweto za kulemera kwa ana ake pobadwa, asaiike pa misoti yoswa koyamba, ndipo awerengere ngati ali ndi chakudya chokwanira ana amene adzabadwewo. Nkhunzi yoyenera kugula ndi imene ana ake adzabadwa osavuta, n'kukula ndi msipu umene woweta ali nawo.