Nyimbo za progressive rock zikali kugawa omvera patapita zaka zoposa 50

Mu mwezi wa May caka ca 2025, cimbale ca gulu la Pink Floyd cinakhala pa nambala 1 pa mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri m'dziko la Britain. Nyimbo za m'cimbaleco sizinali zatsopano ai. Zinajambulidwa mu October 1971 m'bwalo lakale la mzinda wa Pompeii ku Italy, pomwe gululi linaimba popanda khamu la oonerera.

Pink Floyd ndi limodzi mwa magulu ochuka a mtundu wa nyimbo wochedwa progressive rock, kapena prog mwacidule. Mtunduwu unayambira ku England kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Anthu ambiri anaganiza kuti unatha mu 1977, koma kufikira lero ukali ndi oukonda, ndiponso ukali ndi adani ake. Codabwitsa ndi cakuti zomwe ena amaukondera ndi zomwezonso zimene ena amaudera: kutalika kwa nyimbo zake ndi kuvuta kwa kaimbidwe kake.

Kodi progressive rock ndi ciani?

Nyimbo ya rock ya masiku oyambirira inali yaifupi. Inali kutenga mphindi ziwiri kapena zitatu, inali ndi kolasi yobwerezedwa, ndipo kawirikawiri inali kukamba za cikondi ndi kuvina. Acinyamata ena a ku England, omwe ambiri a iwo anaphunzira piyano kapena kuimba m'makwaya a m'chalichi ali ana, anaona kuti mphindi zitatu zinali zocepa. Iwo anafuna kusakaniza rock ndi jazz, nyimbo za makolo a ku Britain, komanso nyimbo zakale za ku Ulaya zoimbidwa ndi magulu akuluakulu a vayolini ndi malipenga.

Caka ca 1967 cinatsegula njira. Gulu la Beatles linatulutsa cimbale ca Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band, ndipo gulu la Moody Blues linatulutsa Days of Future Passed, momwe nyimbo zonse zinatsata tsiku limodzi kucokera m'mawa kufikira usiku. Koma cimbale comwe ambiri amati ndico ciyambi ceniceni ca prog ndi In the Court of the Crimson King ca gulu la King Crimson, comwe cinatuluka mu October 1969.

Zipangizo zatsopano zinathandiza kwambiri. Cimbale cacikulu ca LP cinali kunyamula mphindi zoposa 20 mbali imodzi, conco oimba anapeza malo otambasulira nyimbo zao. Panalinso Mellotron, cipangizo cooneka ngati limba cokhala ndi matepi m'kati mwake. Munthu mmodzi akacidina, cinali kutulutsa mau onga a vayolini zambiri kapena a kwaya yathunthu. Cipangizo cina, ca Moog, cinali kupanga mau a magetsi omwe makutu a anthu anali asanawazolowere.

Zaka za ulemerero

Pakati pa 1971 ndi 1974 magulu a prog anali kudzaza mabwalo akuluakulu ku Ulaya ndi ku America. Mu 1972 mokha munatuluka nyimbo zitatu zomwe zikali kukambidwa. Gulu la Yes linatulutsa Close to the Edge, nyimbo ya mphindi zoposa 18. Gulu la Genesis linatulutsa Supper's Ready, ya mphindi pafupifupi 23. Gulu la Jethro Tull, lotsogoleredwa ndi woimba citoliro a Ian Anderson, linatulutsa Thick as a Brick, nyimbo imodzi yokha ya mphindi zoposa 40 yomwe inadzaza mbali zonse ziwiri za cimbale. A Anderson anailemba moseka magulu okonda nyimbo zazitali, komabe cimbaleco cinafika pa nambala 1 ku America.

Mu March 1973 gulu la Pink Floyd linatulutsa The Dark Side of the Moon, cimbale cokamba za nthawi, ndalama, misala ndi imfa. Cinakhala pa mndandanda wa Billboard ku America kwa masabata 741 pakati pa 1973 ndi 1988, ndipo makope oposa 45 miliyoni agulitsidwa pa dziko lonse. Caka comweco a Mike Oldfield, omwe anayamba kujambula ali ndi zaka 19, anatulutsa Tubular Bells, cimbale copanda mau oimbidwa kwenikweni, comwe cinali coyamba ca kampani ya Virgin Records.

Mtunduwu unafalikira kunja kwa England. Ku Italy kunali gulu la Premiata Forneria Marconi, ku Netherlands kunali Focus, ndipo ku Canada kunali Rush.

Zomwe oukonda amamva

Okonda prog amati nyimbo yotere ili ngati nthano yaitali ya madzulo. Imayamba pang'onopang'ono, imasintha liwiro kangapo, imapatuka, kenaka imabwerera ku mang'ombe omwe inayamba nawo. Womvera akaimva koyamba sagwira zonse. Akaimva kacitatu kapena kacisanu amayamba kuzindikira kuti kaimbidwe komwe gitala inacita pa ciyambi ndi komweko komwe limba likubwereza kumapeto mwa njira ina. Apa ndi pomwe pagona mphamvu yake yokhalitsa: nyimbo yosamveka yonse pa tsiku limodzi siitopetsa msanga. Monga akulu amanenera, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amacitanso cidwi ndi luso la oimba. Nyimbo zambiri za rock zimawerenga kugunda 4 kenaka n'kuyambiranso. Oimba prog amakonda kuwerenga 5, 7 kapena 9, ndipo amatha kusintha m'kati mwa nyimbo imodzi. Citsanzo codziwika ndi nyimbo ya Money ya Pink Floyd, yomwe mbali yake yaikulu imayenda ndi kugunda 7.

Cimbale pacokha cinali cinthu cosungidwa mosamala. Zikuto zake zinali ndi zithunzi zojambulidwa ndi akatswiri, ndipo wogula anali kuziyang'ana uku akumvetsera. Mmodzi mwa akatswiriwa, a Roger Dean, amadziwika ndi zikuto za gulu la Yes, koma asanayambe kugwira nchito ndi gululi anajambula cikuto ca cimbale coyamba ca Osibisa, gulu lomwe linayambitsidwa mu London ndi oimba a ku Ghana ndi a ku Caribbean.

Zomwe oudana nawo amanena

Otsutsa amati nyimbo ya rock inabadwa kuti anthu avine ndi kutulutsa zakukhosi, ndipo prog inaisandutsa mayeso a sukulu. Amadandaula kuti woimba mmodzi amatha mphindi zambiri akuonetsa liwiro la zala zake pomwe omvera angokhala cete. Amanenanso kuti mau a nyimbozi ndi obisika kwambiri, okamba za maloto ndi maiko ongoganizira, osakhudza njala, ulova kapena cikondi ca munthu wamba.

Madandaulowa anali ndi maziko. Mu 1973 gulu la Yes linatulutsa Tales from Topographic Oceans, nyimbo 4 zokha pa zimbale ziwiri. Woimba limba wa gululi, a Rick Wakeman, sanakondwere naco ndipo anacoka m'gululi mu 1974. Mu 1977 gulu la Emerson, Lake and Palmer linayamba ulendo wa ku America ndi gulu lalikulu la oimba vayolini ndi malipenga, koma linalisiya panjira cifukwa ndalama zinali kutha.

Nthawi yomweyo cuma ca Britain cinali pa mavuto ndipo acinyamata ambiri anali opanda nchito. Mu 1976 ndi 1977 panabuka nyimbo za punk, zazifupi, zaukali ndi zosavuta kuimba. A Johnny Rotten a gulu la Sex Pistols anadziwika ndi malaya omwe analembapo kuti amadana ndi Pink Floyd. Olemba nkhani za nyimbo anayamba kufanizira magulu a prog ndi zinyama zakale zomwe zinatha pa dziko.

Komabe mpanda pakati pa mbali ziwirizi sunali wolimba monga momwe unaonekera. A Rotten omwewo anali kukonda nyimbo za a Peter Hammill a gulu la prog la Van der Graaf Generator, ndipo anaziika pa wailesi ina ya mu London mu 1977.

Momwe mtunduwu unapulumukira

Magulu ena anafupikitsa nyimbo zao. A Peter Gabriel atacoka mu Genesis mu 1975, woimba ng'oma a Phil Collins anakhala woimba wamkulu, ndipo m'zaka za m'ma 1980 gululi linachuka ndi nyimbo zazifupi za pa wailesi. Gulu la Yes linafika pa nambala 1 ku America ndi nyimbo ya Owner of a Lonely Heart yomwe inatuluka mu 1983, ndipo mlembi wake wamkulu anali a Trevor Rabin obadwira ku Johannesburg. Okonda prog akale ambiri anaona kusinthaku ngati kugulitsa mwambo, ndipo mkangano wa Genesis ya a Gabriel ndi Genesis ya a Collins ukalipo pakati pao.

Zinaonekanso kuti oimbawa anali okhoza kukhudza nkhani za anthu. Nyimbo ya Pink Floyd ya Another Brick in the Wall, ya mu 1979, yodzudzula nkhanza za m'sukulu, inaletsedwa ndi boma la tsankho la South Africa mu 1980 pomwe ana a sukulu onyanyala maphunziro anayamba kuiimba. Caka comweco a Gabriel anatulutsa nyimbo yokumbukira a Steve Biko, omwe anafera m'manja mwa apolisi mu 1977.

Omwe anasunga mtunduwu kwenikweni ndi omvera ake. Mu 1997 okonda gulu la Marillion anasonkha madola pafupifupi 60,000 kudzera pa intaneti kuti gululi likaimbe ku America. Magulu atsopano monga Dream Theater, Porcupine Tree ndi Opeth anapitiriza kulemba nyimbo zazitali. Mu 2010 woimba rap a Kanye West anagwiritsa nchito kacidutswa ka nyimbo ya King Crimson mu nyimbo yao ya Power, ndipo acinyamata ambiri anamva mau a gululi koyamba mwa njira imeneyo. Ulemu wocokera kwa akuluakulu a nyimbo unacedwa kubwera: bungwe la Rock and Roll Hall of Fame linalandira Genesis mu 2010, Rush mu 2013, ndi Yes mu 2017.

Nkhani yomwe a Zambia akuidziwa

Nyimbo yaitali si cinthu cacilendo kwa omvera a m'Zambia. Okonda rumba ya ku Congo amadziwa nyimbo za a Franco zopitirira mphindi 10, zomwe zimayamba modekha kenaka n'kusintha liwiro magitala akayamba kulankhulana. Kusiyana kwake ndi kwakuti rumba imatalika kuti ovina asakhale pansi, pomwe prog imatalika kuti womvera achere khutu.

Dziko lino linalinso ndi rock yake. M'zaka za m'ma 1970 magulu monga WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family ya a Paul Ngozi anasakaniza gitala yaukali ya ku Britain ndi ku America ndi ng'oma za kuno. Zamrock si prog, koma mbiri yake ili yofanana. Inachuka, kenaka inazimirira pomwe mtengo wa kopa unagwa ndipo disco ndi kalindula zinatenga malo. Patapita zaka zambiri kampani ya ku America ya Now-Again Records inatulutsanso zimbale zakalezo, ndipo mu 2023 gulu la WITCH, lotsogoleredwa ndi a Emmanuel "Jagari" Chanda, linatulutsa cimbale catsopano ca Zango.

N'cifukwa ciani makutu amasiyana?

Akatswiri a za maganizo a munthu anapeza kuti nyimbo zomwe munthu amamva pa unyamata wake ndi zomwe zimakhazikika kwambiri mu mtima mwake. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zomwe bambo wokulira mu 1973 ndi mwana wake wokulira pa nyimbo za pa foni samvana kawirikawiri pa nkhani ya comvera m'galimoto.

Koma msinkhu wokha sufotokoza zonse, pakuti prog inali kugawa anthu a msinkhu umodzi kuyambira pa ciyambi. Gwero la mkangano ndi funso lakuti nyimbo ndi ya nchito yanji. Wina amafuna nyimbo yomuvinitsa pa ukwati, wina yomutonthoza pa maliro, wina yomuperekeza pa nchito. Prog imafuna kuti munthu asiye zonse, akhale pansi ndi kuipatsa mphindi 20 za moyo wake. Wopanda mpata wotero, kapena wofuna kuvina, sanalakwe kuikana.

Ambiri mwa omwe anayambitsa mtunduwu akalamba ndipo ena anamwalira. A Richard Wright a Pink Floyd anamwalira mu 2008, a Chris Squire a Yes mu 2015, ndipo a Keith Emerson ndi a Greg Lake onse anamwalira mu 2016. Gulu la Genesis linaimba komaliza mu London mu March 2022. Zimbale zao zatsala m'manja mwa omvera, ndipo lero zikupezeka pa foni yomweyo yomwe imanyamula nyimbo za mphindi ziwiri. Tsogolo la nyimbozi lidalira pa kuculuka kwa acinyamata omwe adzalola kumvetsera nyimbo imodzi kufikira kumapeto kwake.