Shuga akalowa mwa bakiteriya, satulukanso

Mukamatafuna switi, si inu nokha amene mumasangalala. M'kamwamo muli bakiteriya wotchedwa Streptococcus mutans, amene naye amadikirira shuga yemweyo. Nanga amamugwira bwanji kuti asathawe?

Yankho ndi PTS, gulu la mapuloteni limene Saul Roseman ndi anzake analitulukira mu 1964. Mapuloteniwa amapatsirana fosifeti ngati anthu opatsirana njerwa pomanga nyumba. Fosifetiyo imachokera ku molekyu yotchedwa PEP, n'kupita ku Enzyme I, kenako ku HPr, mpaka kukafika ku Enzyme II, amene ali ngati khomo pakhungu la selo. Glukosi akamadutsa pakhomopo amamatidwa fosifeti n'kusanduka glucose-6-phosphate. Basi, wagwidwa! Sangatulukenso, ndipo wayamba kale ulendo wa glycolysis uja wa m'kalasi ya Biology. Maselo athu alibe PTS. Glukosi amayamba walowa, fosifeti n'kumatidwa pambuyo.

Bakiteriyayu akaphwanya shugayo amatulutsa asidi, ndipo asidiyo ndi amene amabowola mano. Koma amapusitsikanso. Xylitol, wotsekemera amene amaikidwa m'chingamu china, amalowa kudzera pa PTS n'kumatidwa fosifeti, koma bakiteriyayo amalephera kumuphwanya. Mphamvu zake zangopita pachabe.