Akatswiri a Juga ndi Mboni Zao

Munthu wodzitcha katswiri wa juga sasowa mboni. Akafunsidwa za luso lake, amatulutsa makalata a anthu amene anapambana potsata mau ake, ndipo kawirikawiri makalatawo sakhala abodza ai. Bodza limakhala pena.

M'chaka cha 2008, Bambo Derren Brown, mkulu wa zisudzo za matsenga ku Britain, anaonetsa pa wailesi ya kanema ya Channel 4 m'mene chinyengo chotere chimayendera. Mai wina analandira uthenga wotchula kavalo amene adzapambane pa mpikisano, ndipo kavaloyo anapambanadi. Unabwera uthenga wachiwiri, wachitatu, kufikira wachisanu, wosaphonya ndi kamodzi komwe. Pamenepo maiyo anasonkhanitsa mapaundi 4,000, ena ochita kukongola, kuti abetche pa mpikisano wotsatira. Akanakayika bwanji, poti anali ataona ndi maso ake?

Chimene maiyo sanadziwe n'chakuti Bambo Brown anayamba ndi anthu 7,776. Popeza mpikisano uliwonse unali wa akavalo asanu ndi mmodzi, iwo anagawa anthuwo m'magulu asanu ndi limodzi, gulu lililonse nalipatsa kavalo wake. Zivute zitani, gulu limodzi linayenera kupambana. Anthu 1,296 a gulu lopambanalo anawagawanso chimodzimodzi, natsala 216, kenaka 36, kenaka 6, ndipo potsiriza mmodzi yekha. Aphunzitsi a masamu aona kale kuti panalibe ulosi pamenepa, koma kugawa chabe. Ena 7,775 anagwera m'njira.

Tsono amene amagulitsa zotsatira za mpira pa lamya masiku ano savutika n'kugawa anthu chotere, pakuti kufafaniza uthenga wolakwa ndi ntchito ya chala chimodzi. Wogwira ntchito m'Boma amene aganiza zoperekako malipiro ake a pa mwezi ayenera kupempha ndondomeko yonse ya maulosi, yolembedwa masewera asanayambe, yokhala ndi masiku ake, ndalama zimene zinaikidwa ndi zimene zinatayika. Ulosi wakuti timu yamphamvu idzagonjetsa yofooka umakwaniritsidwa kawirikawiri, koma phindu lake ndi lochepa kotero kuti kuphonya kumodzi kumadya zimene anapata maulendo angapo.

Afunsenso kumene katswiriyo amapeza chakudya chake. Ena mwa iwo amalipidwa ndi makampani a juga omwewo, ndipo pa mapangano ena malipirowo ndi gawo la ndalama zimene anthu amene iwo anawakopa aluza.